Tayala likaphwa, manati amasulidwe galimoto isanakwezedwe

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwakhala kumbuyoko, sunthirani pafupi. Maenje a m'misewu ya muno mu Harare mukuwadziwa, makamaka mvula ikangoyamba mu Novembala. Kaya ndi pa Seke Road, kaya pa Simon Mazorodze, tayala limaphwa tsiku limene mwathamangira ku maliro.

Mukamva chiwongolero chikukokera mbali imodzi, musaponde buleki mwamphamvu. Chepetsani liwiro pang'onopang'ono, patukirani kumanzere, pamalo olimba ndi athyathyathya. Yatsani ma hazadi, kokani handibuleki, lowetsani giya yoyamba, kapena P ngati ndi ya otomatiki. Aliyense atsike. Ikani mathirayango awiri ochenjeza aja, limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, patali ndithu. Paja makombi, maminibasi akuno, sayembekeza munthu. Kenako tsekerani ndi mwala tayala la kungodya ina, loyang'anana ndi laphwalo modutsa.

Tsopano apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Munthu amathamangira jeke. Ayi, bambo! Yambani ndi sipanala galimoto ikadali pansi. Masulani nati iliyonse pang'ono chabe, kutembenuzira kumanzere, osaichotsa. Tayala likakhala m'malere limangozungulira, inu n'kumalimbana nalo, galimoto n'kumagwedezeka pa jeke mpaka kuterereka. Nati ikakana, pondani sipanala ndi phazi. Amayi, musati izi n'za abambo, thupi lanu lomwelo likwanira.

Jeke ili ndi pake. Suzumirani kunsi kwa chitseko, pafupi ndi tayala, muona chitsulo cholimba chokhala ndi timipata. Pamenepo. Ngati pansi ndi pamchenga kapena pamatope, yalani thabwa. Ndipo ndikupempheni, mutu kapena mwendo usalowe kunsi kwa galimoto yokwezedwa ndi jeke yokha. Ine tayala ndachotsalo ndimaligoneka pansi pa galimoto, kuti jeke ikagwa chitsulo chigwere pamenepo.

Kwezani galimoto, chotsani manati ndi tayala laphwalo, ikani sipeya, mangani manati ndi zala kaye. Chotsani tayala munagoneka pansi lija, tsitsani galimoto, ndiye mulimbitse ndi sipanala modumphadumpha, iyi kenako yotsutsana nayo, osati motsatana, kuti tayala likhale mowongoka. Mukayenda makilomita angapo, imani muwaonenso.

Mwafunsa za katayala ka sipeya kowonda kaja ka mu Honda Fit, amalume? Kameneko n'kongokufikitsani kwa omata matayala. Musapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo musati mupite nako kumudzi kudzera ku Nyamapanda mpaka ku Mwanza. Kamafunanso mpweya wambiri kuposa matayala enawo, 60 psi, zalembedwa pambali pake.

Ndiye tisanadye nsima, amene mwabwera ndi galimoto tituluke titsegule mabuti. Ndikufuna tione kuti ndi sipeya zingati pano zili ndi mpweya.