Chiko, za laputopu ndi gemu ndasiya m'katiyo

Halo Chiko, ndine achimwene ako kuno ku Harare. Ndikujambula ndili pakhonde ku Mabvuku kuno, ndiye phokoso ukumvalo ndi la makombi akuitanira opita m'tauni. Uyambe wawapatsa moni amayi, uwauze kuti chifuwa chija chinatha. Laputopu ndapereka dzulo ku Roadport kwa amalume. Basi yawo idzera pa Nyamapanda, Tete, n'kulowera pa Mwanza, ndiye ukawachingamire ku Wenela. Chaja ndi mausi zili m'kathumba kam'mbali.

Tsopano tchera khutu, chifukwa uthengawu ukhala wautali. M'laputopumo muli gemu ya Baldur's Gate 3, ija ndinkakuuza, yopangidwa ndi Larian Studios a ku Belgium, yomwe inatuluka mu 2023. Ndakuikira kale yonse. Kukula kwake ndi pafupifupi 150 GB, bandulo ya kumeneko singakwane ngakhale pang'ono. Steam, pulogalamu yotsegulira gemuyo, ndaisiya pa offline, uisiye choncho, ikakupempha update ukane.

Ukatsegula upeza ulendo wanga wosungidwa. Umenewo usaukhudze kaye, chonde. Uli pa Honour Mode, pamene pali povuta kuposa ponse. Pali Explorer, Balanced, Tactician, kenako Honour imene anaionjezera kumapeto kwa 2023. M'zinazo umatha kusunga kambirimbiri, zikavuta n'kubwerera m'mbuyo. Pa Honour posunga ndi pamodzi basi, ndipo gemu imalemba yokha pamwamba pa zakale. Ukalakwa walakwa. Anthu ako anayi akagwa onse pankhondo imodzi, ulendo wa Honour wathera pomwepo. Imakulola kupitiriza nkhaniyo, koma dayisi lagolide limene amapereka ukamaliza ndiye wataya. Ine ndathera maola oposa 50 pa ulendo umenewo, ndipo ndi ntchito yausiku ndayambayi sindingaumalize. Ndikufuna udzaumalize iweyo. Koma uyambe wako pa Balanced, usewere mpaka utuluke gawo loyamba, manja azolowere, kenako utenge wangawo.

Nkhondo zake n'zosinthana ngati bawo. Palibe akukuthamangitsa, ukhoza kuganiza mpaka nsima kupsa. Chilichonse chimadalira dayisi la mbali 20, ndiye gemu ikakuonetsa kuti mwayi womenya mdani ndi 85% usaiyese lonjezo. Tsiku lina udzaphonya kawiri motsatizana, ndipo uyenera kudziwiratu chochita tsiku limenelo.

Ulendo wanga woyamba unathera m'chitsime. Ku Blighted Village kuli chitsime, pansi pake pali phanga la akangaude, ndipo manthu wawo ndi Phase Spider Matriarch. Ndinatsikamo ndili levulo 3, anthu anga ali otopa, matsenga a Gale, wamatsenga wa gulu langa, atatha, chifukwa ndinkaumira chakudya cha kumsasa. Kangaudeyo amazimirira apa n'kutulukira apo, amaswetsa mazira ake, ana n'kudzaza ponseponse. Shadowheart, wochiritsa anzake, atagwa ndinathamangitsa wina kukamudzutsa, nayenso anagwa. Ndinali ndi mpata wothawitsa mmodzi, koma mtima unkati kangotsala kumenya kamodzi. Maola 14 anapita usiku umenewo, ndipo zinandiwawa kwa masiku. Ulendo wachiwiri ndinabwerako ndili levulo 5, ndinadikira kangaudeyo aime pa mlatho wa ukonde wake, n'kuwotcha ukondewo. Anagwa pansi n'kuvulala kwambiri tisanayambe n'komwe kulimbana.

Ndiye chachikulu pa zonse ndi ichi: mmodzi azitsala ndi moyo. Ukaona awiri agwa ndipo mdani akadali ndi mphamvu, tenga amene ali kutali, athamange. Akatalikira adani ndi mamita 27 pamabwera batani la Flee Combat, limamubwezera kumsasa. Kumsasako kuli nkhalamba youma ija, Withers. Ukamupatsa ndalama zagolide 200 amadzutsa munthu mmodzi. N'chifukwa chake m'thumba la gulu langa muzikhala zosachepera 600 nthawi zonse, ngakhale wamalonda akuonetse lupanga lokongola bwanji. Ndalamazo uzigawe, zisakhale ndi munthu mmodzi, kuopa kuti wagwayo ndiye wasunga zonse. Withers yemweyo amasinthanso luso la munthu pa 100, ukaona kuti wina sakukuyendera.

Gale yekha ndi wosiyana. Ali ndi chinthu pachifuwa chimene chimaphulika. Akafa usagone kawiri usanamudzutse, apo ayi gemu yonse itha. Komanso kutsogoloko adzafuna kudziphulitsa kuti athane ndi mdani. Umuletse.

Za kugona. Pa Honour kugona kwathunthu kumadya chakudya chokwana 80, pomwe pa Balanced ndi 40. Anthu amaopa nambala imeneyi n'kumayenda ndi gulu lotopa, monga ndinachitira ine m'chitsime muja. Chakudya chilipo chambiri ukamatola. Tsegula dengu lililonse, mbiya iliyonse, tchizi, soseji, mbatata, vinyo, zonse uzitumiza kumsasa. Ndakusiyira kamba woposa 900. Pakati pa kugona umaloledwa kupuma pang'ono kawiri. Uzigwiritsa ntchito konse, kenako ukagone, usalowe pa mdani wamkulu matsenga ali theka.

Adani akuluakulu pa Honour ali ndi zimene amati Legendary Action, kumenya kwapadera kumene amachita ngakhale isali nthawi yawo. Owlbear uja wa m'phanga, chimbalangondo cha mutu wa kadzidzi, amene pa Balanced udzamugonjetsa mosavuta, pa Honour amaitana mnzake, n'kukhala awiri. Choncho usanaponye chilichonse, dina kumanja pa mdaniyo, usankhe Examine, uwerenge zonse. Chizungu chake chikakuvuta jambula unditumizire pa WhatsApp, ndidzakuyankha ndikaweruka. Mwamuna mnzako n'pachulu, Chiko, umalinga utakwerapo.

Ndipo chulu ndikunenachi chilikodi. Woponya ali pamwamba amaonjezeredwa 2 pa dayisi, ali m'munsi amachotseredwa 2. Uziyamba wamwaza anthu ako nkhondo isanayambe. Gale akwere padenga kapena pathanthwe, Karlach, wankhondo wamphamvu wa gululi, atseke njira, Shadowheart akhale pakati pofikira aliyense. Akaunjikana pamodzi, moto umodzi umawatenga onse. Pamphepete pa phompho usaimikepo munthu, chifukwa adani amakankha, ndipo wogwera m'phompho alibe dayisi lomupulumutsa. Iwenso uzikankha ukapeza mpata, kungoti katundu wa mdaniyo amapita naye.

Tsopano pamene ndasiyira. Gulu lili levulo 7, m'gawo lachiwiri, dziko la mdima wotembereredwa, pa nyumba ya alendo yotchedwa Last Light Inn. Ndalankhula kale ndi Jaheira, mtsogoleri wa panyumbapo. M'chipinda cham'mwamba muli mayi wina dzina lake Isobel, ndiye akugwira kuwala kumene kukuteteza nyumba yonseyo. Sindinalankhule naye dala. Ukangocheza naye pamabwera Marcus, msilikali wamapiko, ndi zilombo zouluka, cholinga chawo kumuba. Isobel akagwa n'kutengedwa, kuwala kumazima ndipo anthu onse a panyumbapo amasanduka adani ako. Muli Dammon wosula zitsulo, muli othawa nkhondo aja ndinawapulumutsa m'gawo loyamba. Ndawasamala ulendo wonse, sindikufuna athere pamenepo.

Ndiye uchite motere. Pita kaye kwa Dammon akonze mtima wa Karlach, umene ndi makina, chitsulo chake chili kale m'thumba mwake. Ugule zonse ukufuna. Ukagone. Kutacha ukwere ndi anthu onse anayi, uwalekanitse, uwaimike m'chipindamo pafupi ndi zitseko usanayambe kulankhula. Nkhondo ikayamba Shadowheart amuike Isobel pa Sanctuary, matsenga oletsa adani kumumenya, koma dziwa kuti chitetezocho chimachoka Isobel akangomenya, ndipo amamenyadi, ndiye mankhwala a m'mabotolo akhale pafupi kuti uzimuponyera. Ena atatuwo onse pa Marcus, osamwaza mphamvu. Zilombozo uzithana nazo Marcus atagwa.

Pokambirana napo pamafa anthu. Ndinadutsa kale pa mfumukazi Vlaakith, imene ukaiyankha mwachipongwe imapha gulu lonse ndi mawu amodzi, koma onga iyeyo akadalipo kutsogolo. Usamadine yankho chifukwa lakusangalatsa. Shadowheart aziika Guidance, matsenga oonjezera pa dayisi, pa wolankhulayo nthawi zonse, ndipo Inspiration, imene imakulola kuponyanso dayisi, imasungika mpaka 4 yokha. Usaitayire pa zitseko ndi mabokosi.

Magetsi akazima batire imakupatsa mwina mphindi 40 gemu ikuyenda, chifukwa imadya moto kwambiri. Usayambe nkhondo yaikulu uli pa batire. Tuluka bwinobwino kudzera pa menyu kuti isunge. Laputopu uziika patebulo, osati pabedi, imatentha.

Amayi akaona ziwanda ndi mafupa oyenda pa sikirini adzadandaula, ndikuwadziwa. Usabise, uwaonetse, uwafotokozere kuti ndi nthano yojambula ndipo dayisi lake si la juga, palibe ndalama yeniyeni ikulowapo. Ndidzawaimbiranso ndekha Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi. Ndipo madzi ndi ntchito zapakhomo ziziyamba zatha.

Kombi yanga yafika, ndithamange. Laputopu ikangofika m'manja mwako undiuze, ndipo usiku umene udzakwere kwa Isobel undiimbire kaye, ndikufuna ndidzakhale pa foni.