Amalume, za pepala la magazi lija

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndili m'basi kuno ku Leeds, ku England, ndiye phokosoli mundikhululukire. Pepala lija ndaliona pa WhatsApp. Azakhali andiuzanso kuti mukufuna kusiya kaye ma ARV, ati wina wakuuzani kuti ndi amene akukuonongerani mtima. Chonde amalume, musayerekeze. Imvani kaye.

Paja palembedwa CRP 14 paja, CRP ndi chinthu chomwe chiwindi chimatulutsa thupi likakhala pankhondo. Malungo, TB, ngakhale dzino lotupa, zonsezi zimaikweza. Inu mwangodzuka kumene ku malungo, ndiye 14 sikundidabwitsa. Ikadutsa 10 timayamba taganiza za matenda ngati amenewo. Mukayezetsenso pakatha masabata awiri kapena atatu, muli bwinobwino. Ponena za mtima, pansi pa 1 ndi pabwino, ikamakhalitsa pamwamba pa 3 m'pamene timatchera khutu.

Koma nkhani ya mtimayo si yabodza ayi, kungoti wolakwa amuloza wina. Ngakhale kachilombo kasiye kuoneka m'magazi monga zilili kwa inu, asilikali a m'thupi sagoneratu tulo. Amakhala ali tcheru chaka ndi chaka, ndipo kutentha kwapang'onopang'onoko kumanyula khoma la mitsempha ya magazi. Pamalo ponyukapo mafuta amayamba kumata, njira n'kumachepa. Tsiku lina magazi akaundana pamenepo, ndi sitiroko imeneyo, kapena mtima kudwala mwadzidzidzi. N'chifukwa chake anthu omwe ali ndi HIV chiopsezo chawo chimakhala pafupifupi kawiri kuposa ena.

Kusiya mankhwala ndiye kuthira parafini pamoto. Kafukufuku wina wotchedwa SMART anaimitsidwa mu 2006 chifukwa omwe ankapumira mankhwala ankadwala ndi kumwalira kwambiri kuposa omwe ankamwa mosadukiza, ndipo zizindikiro za kutentha kuja m'magazi mwawo zinkakwera akangosiya.

Chomwe ndikufuna mukafunse kuchipatala ndi mapiritsi ochepetsa mafuta m'magazi, ma statin. Mu 2023 kafukufuku wa REPRIEVE, wa anthu oposa 7,000 omwe ali ndi HIV, a zaka 40 mpaka 75, ena a ku Zimbabwe ndi South Africa komweko, anapeza kuti piritsi limodzi patsiku linachepetsa mavuto akuluakulu a mtima ndi sitiroko ndi 35 peresenti. Kuno tsopano wodutsa zaka 40 amamuuza za mapiritsiwa. Koma musakagule nokha pa famase, ena sagwirizana ndi ma ARV ena. Adokotala aone kaye omwe mukumwa.

Mukapita kukatenga mankhwala, akuyezeninso BP ndi shuga, musangolandira mabotolo n'kutuluka. Ndipo fodya uja, ndikudziwa simunasiye, azakhali sabisa. Ameneyo ndiye woopsa kuposa nambala ya papepalayi.

Ya thiransipoti ndikutumizirani Lachisanu pa Airtel Money. Zotsatira zatsopano zikatuluka mundijambulire pepala lonse, osati theka ngati lija. Ndafika potsikira, mupereke moni kwa onse.