N'chifukwa chiyani chitsa chimaoneka ngati munthu usiku?

[Kanjira kolowa m'nkhalango, dzuwa litangolowa]

Moni nonse. Kanjira aka masana amadutsamo ana a sukulu akusewera. Koma kukangoda, ngakhale bambo wandevu zake amadutsa akuimba mluzu podzilimbitsa mtima. Mitengo ndi yomweyo. Nanga chavuta n'chiyani?

Tiyambe ndi diso. M'kati mwake muli timaselo ta magulu awiri. Gulu lina limaona mitundu ya zinthu, koma limafuna kuwala. Lina ndi la mumdima, silisiyanitsa chofiira ndi chobiriwira, ndipo limatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti lizolowere bwino. Tsono imvani izi: pakatikati penipeni pa diso palibe timaselo ta mumdimati.

[Chitsa cha mtengo, patali pang'ono]

Ndiye mukuyenda, mwaona chinachake chili njo cha kumbali. Mwachiyang'anitsitsa, chazimirira. Mwatembenuka, icho chabweranso. Apa mtima wayamba kale thi thi thi, pomwe chitsa chili pomwe chinali dzulo. Ubongo ukapatsidwa chithunzi chosakwanira umamalizitsa wokha, ndipo umasankha choopsa, chifukwa kuthawa chitsa n'kongochititsa manyazi, koma kunyozera fisi kumapha. Mukayatsa tochi ya pafoni, kuzolowera konse kuja kumathera pomwepo, m'mbali monse bii.

[Kulira kwa changa]

Uyu si mwana wakhanda. Ndi changa ali m'mwamba mwa mtengo. Koma yesani kumuuza zimenezo munthu amene ali yekha pafupi ndi manda.

Sikuti manthawa ndi achabe ayi. Mu 2003 anthu ambiri ku Dowa anathawa m'midzi yawo chilombo chitapha anthu, ndipo akuluakulu oona za nyama ankaganiza kuti anali fisi wachiwewe. Komabe ine chimene ndimaopa kwambiri si cha m'mitengo, ndi cha pansi. Mphiri imayenda usiku, imagona panjira, ndipo ikamva mapazi sithawa. Tochi yanu iziunika pomwe mukuponda.

[Msewu wa M1, kuchokera ku Lilongwe kupita ku Dedza]

Taonaninso kunjaku. Minda yokhayokha, mitengo inatha ndi makala ndi nkhuni, kenaka kamsitu kowirira kali pakokha. Nthawi zambiri amenewo ndi manda, ndipo m'midzi ya Achewa ndi kumenenso kumakhala dambwe. Woyerekeza kulowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu amadziwa kuti mlandu ukumudikira.