Kodi mphepo ya mwera ingatiyatsire magetsi?

[Chithunzi: pamwamba pa phiri la Zomba, mitengo ya paini ikugwedezeka]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tili pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo chiphokoso mukuchimvachi ndi mphepo ya mwera. Funso lathu ndi lakuti: mphepo ngati imeneyi ingathandize bwanji pa vuto la magetsi kuno kwathu?

Magetsi ambiri amene EGENCO imapanga amachokera pa mtsinje umodzi wokha, wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana atagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kukonza kwake kunatenga chaka ndi miyezi. Mwini chigayo ku Chinamwali ndi wowotcherera zitsulo ku Matawale sanaiwale mmene ankadikirira magetsi mpaka pakati pa usiku kuti agwireko ntchito. Magetsi a dzuwa alipo tsopano, mamegawati 60 ku Salima ndi 20 ku Golomoti. Koma dzuwa limalowa nthawi imene m'makomo tikuyatsa mababu ndi kuteleka mapoto.

[Chithunzi: makina a mapiko atatu akuzungulira]

Makina a mphepo amagwira ntchito motere. Pamwamba pa nsanja yaitali pamakhala mapiko atatu, opangidwa ngati phiko la ndege. Mphepo ikamadutsa, mapikowo amazungulira n'kumapukusa chitsulo chimene chimalowa mu jenereta. Magetsiwo amatsika ndi mawaya m'kati mwa nsanja, thiransifoma n'kuwakweza mphamvu kuti ayende ulendo wautali.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake simawirikiza kawiri ayi, imawirikiza ka 8. Ndiye malo awiri amene pakhungu timamva ngati mphepo yake ndi yofanana akhoza kusiyana kutali pa magetsi amene angatulutse. Makina ambiri amayamba kupereka magetsi mphepo ikafika mamita 3 kapena 4 pa sekondi, ndipo ikapitirira mamita 25 amadziimitsa okha kuti asathyoke. Chimene amafuna si chimphepo chosasula madenga, koma mphepo yokhazikika, yowomba mbali imodzi maola ambiri pa chaka.

Anzathu a ku Kenya anapeza malo otere pafupi ndi nyanja ya Turkana, pamene mphepo imapanikizika pakati pa mapiri a Kulal ndi Nyiru. Anaimikapo makina 365, otulutsa mamegawati 310 onse pamodzi, kuposa Kapichira kawiri. Koma taonani zimene zinachitika: makina anatha kuimikidwa mu 2017, pamene mawaya a makilomita oposa 400 opita ku Suswa, kokalumikizana ndi mawaya a dziko lonse, anatha mu 2018. Kwa chaka chathunthu mphepo inkawomba, makina ali chiimire, boma likulipira magetsi amene sanafike m'nyumba ya munthu. Ine zimenezi zimandiwawa, chifukwa ndalama zotere pamapeto pake amalipira ndi munthu wamba.

[Chithunzi: zitseko za madzi pa Kamuzu Barrage ku Liwonde]

Kuno kwathu tili ndi mwayi umene ambiri sautchula. Ku Liwonde, ulendo wa ola limodzi kuchokera mu mzinda wa Zomba, kuli Kamuzu Barrage, pamene amatsegula kapena kuchepetsa madzi opita ku Nkula. Mwera umalimba m'nyengo yozizira, nthawi imene mvula yasiya ndipo madzi a m'nyanja ya Malawi ayamba kutsika. Magetsi a mphepo atamalowa m'mawaya a ESCOM miyezi imeneyo, madzi ena angasungike kumtunda, n'kudzatithandiza mu Okutobala ndi Novembala nyanja ikatsikitsitsa. Mphepo siingalowe m'malo mwa Shire, koma ingaupumitse. Komanso cholinga cha mawaya akuluakulu olumikiza Matambo ku Tete m'dziko la Mozambique ndi Phombeya ku Balaka n'chakuti akhale njira yogulitsirana magetsi ndi mayiko a Southern African Power Pool, mgwirizano wa magetsi wa mayiko a kum'mwera kwa Africa, kuti mphepo ikaleka kuno tigule kwa anansi, ikachuluka tiwagulitse.

Nanga pa phiri lino? Tisathamange. M'mphepete mwa maphompho mphepo imavunduka, ndipo mphepo yovunduka imatopetsa mapiko msanga. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse, lili pomwe pano. Phiko limodzi la makina akuluakulu a masiku ano limapitirira mamita 50, ndiye ganizirani lole yotalika choncho pa makona a msewu wokwera ku Ku Chawe. Asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, akatswiri amayamba aimika mlongoti wautali wokhala ndi zida zoyezera liwiro ndi komwe mphepo ikuchokera, n'kumalemba kwa chaka chathunthu kapena kupitirira. Mabanki amayang'ana manambala amenewo asanatulutse ngongole.