Mafuta a M'diripi ndi Chiwindi cha Mwana

[Pa kanema: botolo loyera ngati mkaka lapachikidwa pambali pa bedi la khanda]

Moni nonse, anamwino ndi makolo, kuyambira ku Ulongwe, Tsangano, Furancungo mpaka mumzinda wa Tete. Botolo ili si mkaka. Ndi mafuta olowa mumtsempha, opatsidwa kwa mwana amene matumbo ake sakugwira ntchito: wobadwa matumbo ali kunja, wobadwa masiku asanakwane n'kuwola matumbo, kapena amene madokotala amudula mbali yaikulu ya matumbo. Popanda mafutawa mwana sakula, ubongo sukhwima bwino, khungu limauma n'kumasupuka. Koma akakhala nawo kupitirira milungu iwiri, chiwindi chimatha kuyamba kuvutika.

Chimachitika n'chiyani? Mafuta akale, monga Intralipid, ndi a soya okhaokha. Mu soya muli tizinthu totchedwa phytosterol. Tikadutsa m'kamwa, matumbo amatitaya tambiri. Koma mumtsempha mulibe chosefa: tonse timafika m'chiwindi n'kutsekereza ndulu kuti isatsikire m'matumbo. Ndulu ikaima, imawotcha chiwindi pang'onopang'ono mpaka chimachita zipsera n'kuuma. Mafuta a soya alinso ndi omega-6 wambiri, amene amakolezera kutupa, pomwe vitamini E woteteza ndi wochepa.

[Pa kanema: thewera lotsegula, kenako diso la mwana pafupi]

Mayi, yang'anani apa. Maso achikasu, mkodzo woderapo ngati tiyi, chimbudzi chotuwa ngati phulusa m'malo mwa chachikasu. Mukaona izi uzani anamwino tsiku lomwelo. Inu anamwino, musadikire maso: yezani m'magazi bilirubin direct, utoto wachikasu wa mu ndulu, sabata iliyonse. Ikapitirira 2 mg/dL, ndulu yayamba kuima. Musaiwale kufufuzanso zina, makamaka njira ya ndulu yotsekeka chibadwire, chifukwa opaleshoni yake imathandiza kwambiri mwana asanakwane miyezi iwiri.

Cholakwika chimene chimatidetsa nkhawa ndi kuchotseratu mafuta chifukwa cha mantha. Musatero. Mukatero mumakakamizika kuwonjezera shuga, ndipo shuga wochuluka amasanduka mafuta m'chiwindi momwemo.

Chepetsani mlingo. Khanda limatha kulandira mpaka magalamu 3 kapena 4 pa kilogalamu patsiku. Chiwindi chikadandaula, a soya amatsitsidwa kufika galamu imodzi. Tiwerengere limodzi: botolo la 20% lili ndi magalamu 20 mu 100 ml. Mwana wa makilogalamu awiri akufunika magalamu awiri, ndiye 10 ml patsiku, pafupifupi 0.4 ml pa ola kwa maola 24, pa pampu. Kuthamangitsa kumadzaza magazi ndi mafuta. Triglyceride wa khanda, ndiye kuti mafuta a m'magazi, akadutsa 3 mmol/L, tsitsaninso.

Ngati n'kotheka sinthani mtundu. SMOFlipid amasakaniza soya 30%, MCT (mafuta amene thupi limawagwiritsa ntchito msanga) 30%, olive 25% ndi mafuta a nsomba 15%. Omegaven ndi wa nsomba yekhayekha, anavomerezedwa ku United States mu 2018 kwa ana amene ndulu yaima kale. Chenjerani: iyeyu ndi wa 10%, choncho mwana yemwe uja alandira 20 ml, osati 10.

Koma mafuta sawononga okha. Tizilombo tikalowera pa kapaipi ka mumtsempha, chiwindi chimagwa msanga. Sambani m'manja, pukutani polumikizira, sinthani paipi ya mafuta isanapitirire maola 24, ndipo kwa ana obadwa masiku asanakwane iphimbeni ku kuwala. Dokotala akalola, yambani mkaka wa m'mawere, ngakhale 10 ml pa kilogalamu patsiku. Timadontho timeneti ndi timene timadzutsa ndulu kuti iyambenso kuyenda.

[Pa kanema: dzanja likukweza botolo ku windo]

Ndi kutentha kwa kuno kwa mwezi wa Okutobala, sungani mabotolo posapitirira madigiri 25, koma asaundane. Musanapachike, liyang'aneni pa kuwala: mukaona timadontho ta mafuta achikasu tikuyandama pamwamba, botolo limenelo lisafike pa mwana.