Kumata tizikwangwani ta maina pa injini za sitima zing'onozing'ono

Amayi ndi abambo, achinyamata nonse amene mwabwera ndi injini zanu m'mabokosi, zikomo. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi ndi tebulo, chifukwa zimene ndikuonetsa lero ndi zazing'ono kwambiri.

Injini zambiri zimene mwanyamulazi, zofanizira sitima zenizeni, ndi za makampani a Hornby ndi Bachmann, za muyeso wa OO umene ndi wofala kuno ku Britain. Pamuyeso umenewu futi imodzi ya sitima yeniyeni imasanduka mamilimita 4, ndipo njanji zake zimatalikirana mamilimita 16.5. Ndiye kuti chikwangwani cha mafiti 6 pa injini yeniyeni, pano ndi kachitsulo ka mamilimita 24 basi. Mukaphonya malo ndi milimita imodzi yokha, pa injini yeniyeniyo mwaphonya ndi mainchesi 3. Diso la munthu limakhululuka zambiri pa injini, penti yakuda ikhale yothimbirira, malasha akhale apulasitiki, koma dzina likapendekeka aliyense amaliona, ngakhale amene sanakwerepo sitima.

Tizikwangwani timeneti timabwera tili pa kapepala kopyapyala ka mkuwa kapena ka chitsulo chosachita dzimbiri, zilembo zake zotukuka. Makampani monga Fox Transfers amagulitsa maina a injini zodziwika, pamene ena amapanga dzina lililonse limene mwaitanitsa. Kachikwangwaniko kamagwirana ndi chimango chake pa timiyendo tiwiri kapena titatu. Musakathyole ndi zala, ndipo musadulire pa mphira wofewa woyala patebulo podulira zinthu, chifukwa mpeni umakankhira chitsulocho pansi n'kuchipinda. Dulirani pa galasi kapena pa thailosi, ndi mpeni wakuthwa, chala china chitapanikiza kachikwangwaniko kuti kasaulukire pansi pa mipando. Potsala kamsonga, kwechani ndi tupa yaing'ono motsatira utali wa m'mphepete, osati modutsa.

Ena amagula tosapenta. Zikatero pakani penti pankhope ponse, yofiira kapena yakuda malinga ndi injiniyo, isiyeni iumiretu, kenako tembenuzani kachikwangwaniko n'kukakhuta pang'onopang'ono pa sandipepa wosalala kwambiri, wa nambala 1200, ali pathyathyathya. Zilembo zimatuluka zonyezimira, penti n'kutsalira m'mipata.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene ndabwerera. Anthu akandipeza funso lawo limakhala limodzi: tigule guluu wanji? Koma guluu ndi womalizira. Ntchito yeniyeni ndi kupeza malo a dzinalo n'kuwatchinga botolo la guluu lisanatsekulidwe.

Yambani ndi chithunzi cha injini yeniyeniyo, mbali zonse ziwiri. Maina sakhala pamodzimodzi. Mallard, imene inathamanga mamailosi 126 pa ola pa 3 July 1938 ndipo lero ili ku National Railway Museum ku York, dzina lake ndi lowongoka ndipo lili kutsogolo, chakumunsi kwa chumuni. Flying Scotsman, yopangidwa ku Doncaster mu 1923, dzina lake ndi lokhota, lili pamwamba pa gudumu lalikulu lapakati. Injini za Great Western Railway, monga za gulu la Castle, nazonso maina ake ndi okhota pamwamba pa gudumu. Pa injini za dizilo chenjerani kwambiri, chifukwa mazenera ndi mipata yolowera mpweya sizifanana mbali ziwirizo, ndiye dzina la kumanzere silikhala moyang'anizana ndendende ndi la kumanja nthawi zonse. Onaninso chaka cha chithunzicho. Injini imodzi yomweyo inkasintha utoto ndi nambala pa moyo wake.

Mukapeza malo, gonekani injiniyo cham'mbali pa siponji kapena pa nsalu yopinda kuti timapaipi tapansi tisathyoke. Ikani kachikwangwaniko pouma, popanda chomatira chilichonse, n'kukasuntha ndi kamtengo kotokosera m'mano mpaka kafanane ndi chithunzi. Kenako dulani tepi ya pepala, monga yachikasu ija ya Tamiya, muike mzere umodzi pansi pa dzinalo ndi kachidutswa kena kumapeto kumodzi. Sanjikizani tepiyo kawiri kapena katatu kuti ipange kakhonde kogunda. Mukadzabwera ndi guluu simudzayezanso ndi maso, mudzangotsamiritsa kachitsuloko pa khondelo. Poyeza ngati tepi yawongoka, musadalire denga, chifukwa madenga ambiri ndi okhota. Yezani kuchokera ku mzere wowongoka wa pansi pa thupi la injiniyo.

Injini zambiri za m'sitolo zimabwera ndi dzina lodindidwa kale ndi penti. Kachikwangwani katsopano kakaliphimba lonse, lisiyeni, ndipo likuthandizani kupeza malo. Likamasuzumira m'mbali, lichotseni ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi T-Cut, polishi wowalitsira penti ya galimoto, mukukhuta mofatsa, ndipo muziima n'kuyang'ana pafupipafupi kuti musafike pa pulasitiki.

Tibwere ku guluu. Ndikudziwa kuti m'matumba mwanumo muli supaguluu, popeza ndi amene timamatira chilichonse kunyumba, kuyambira nsapato mpaka chogwirira cha kapu. Pa ntchito iyi ine ndimamukana. Amagwira m'masekondi ochepa, dzanja lisanakhazikike. Akafinyikira m'mbali amadya penti, ndipo mpweya wake umasiya chifunga choyera pa penti ndi pa mazenera. Pa kachitsulo kopepuka chonchi mphamvu zonsezo n'zachabe.

Chimene ndimakonda ndi vanishi wowala, kadontho kochepa. Amachedwa kuuma, motero muli ndi mpata wosuntha dzinalo mpaka likhale bwino, ndipo wotulukira m'mbali saoneka kwenikweni. Wina wabwino ndi guluu woyera wa PVA, kapena Glue 'n' Glaze amene amamatira mazenera, chifukwa akauma amaonekera ngati madzi ndipo akadali wamuwisi mumamupukuta ndi burashi yonyowa. Kumene kumafunika mphamvu ndi pa maina okhota aja, amene amaimirira pamwamba pa gudumu atagwira ndi m'mphepete mokha. Pamenepo sakanizani pang'ono Araldite, guluu wolimba wobwera m'machubu awiri, kapena matani kachidutswa ka pulasitiki kuseri kuti pakhale potsamira.

Inde mayi, funsani. Mwati tepi yomata mbali zonse? Imagwira ntchito ndithu, bola ikhale yopyapyala kwambiri ndipo muidule mocheperako kuposa kachikwangwaniko. Vuto lake ndi lakuti ikangokhudza yagwira, ndiye khonde lija likhale lolondola.

Guluu aliyense mupake pa kachitsuloko, osati pa injini, ndipo mutape ndi nsonga ya singano: timadontho titatu pakati, kutali ndi m'mphepete. Ponyamula, ikani kampira ka Blu Tack, phula lomatira mapepala pakhoma, pansonga ya kamtengo, mugwirire nako kunkhope. Chopanira chachitsulo chimakanda penti, ndiponso chimathamangitsa kachikwangwani mukafinya kwambiri. Tsitsani, gundikani pa tepi, dinikizani pang'ono. Mukatero imirirani, mubwerere m'mbuyo phazi limodzi, muyang'ane injini yonse. Ena amajambula ndi foni n'kukuza chithunzicho, ndipo kamera imaonetsa kupendekeka kumene diso lazolowera. Tepi muichotse guluu atayamba kulimba, mukukokera kutali ndi dzinalo. Mbali inayo idikire mpaka mawa. Mukatembenuza lero, dzina loyambalo litsetsereka inu osaliona.

Achinyamata amene munabadwira kuno, kwathunso injini zinali ndi maina. Njanji ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre mu 1908, inayamba ndi injini ziwiri zazing'ono, Thistle ndi Shamrock, zopangidwa ndi W. G. Bagnall ku Stafford konkuno. Amene angafune kupanga yoteroyo, dzinalo mukhoza kuitanitsa, koma kumbukirani kuti njanji za kwathu ndi zopapatiza, mamilimita 1,067, ndiye muyeso wake ndi nkhani ina imene tidzakambe tsiku lake.

Patebulopa ndayala tizidutswa ta pulasitiki topenta, tepi, vanishi ndi timaina takale. Injini zanu zikhale kaye m'mabokosi. Bwerani awiriawiri, wina agwire tepi, wina singano, kenako musinthane.