Aphunzitsi, makolo akudziwa zimene zikuchitika m'kalasi mwanu?

Moni nonse, takulandirani. Lero ndikulankhula ndi aphunzitsi anzanga a pulayimale, makamaka inu a Sitandade 1 mpaka 4. Mwamuuza mwana kuti, "Lachisanu 2 koloko kuli msonkhano wa makolo." Akafika kunyumba akungoti, "Aphunzitsi akuti mubwere." Liti? Sakudziwa. Za chiyani? Wayiwala. Ndiye tiyeni tikonze zimenezi ndi zinthu zisanu zothandiza kuti uthenga uzifika kwa makolo. Ngati ndinu mlendo pa tchanelo chino, dinani subscribe kaye, tipite limodzi.

Choyamba. Sabata yoyamba ya teremu, lembani amene mwana aliyense amakhala naye, mudzi wake ndi nambala ya foni. Ena amakhala ndi agogo, ena ndi azakhali. Funsani.

Chachiwiri. Malamulo a kalasi akwane pa pepala limodzi: nthawi yolowa, nthawi yoweruka, zoti mwana abweretse, ndi chochita akadwala. Lembani m'chilankhulo cha kwanuko, kaya ndi Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka.

Ndisanafike pa chachitatu, ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa zimene ena mwayamba kale kulemba m'makomenti. "Makolo a kuno alibe nazo ntchito za sukulu." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri pansi pa mtengo nthawi ya buleki, ndipo amandiwawa. Si zoona ayi.

Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezekera m'sukulu nthawi imodzi, mpaka makalasi ambiri kumaphunzirira pansi pa mitengo. Anawatumiza ndani anawo? Makolo omwewa. Njerwa za midadada imene mukuphunzitsiramoyo anaumba ndani? Mchenga anatuta ndani? Kumene kuli phala la Mary's Meals, amayi amene amalawirira kukakoleza moto osalandira malipiro ndi ayani? Munthu wopanda nazo ntchito sangachite zimenezo.

Tadzifunsani, kholo timaliitana liti? Mwana akalakwa, kapena tikafuna ndalama za chitukuko. Basi. Ndiye mayi akamva kuti akuitanidwa kusukulu, mtima umangoti phwii, akudziwa kuti ndi mlandu kapena thumba. Msonkhano timauika tsiku la msika, mwinanso mu Disembala mvula itagwa, anthu ali kalikiliki kubzala, uthenga n'kuupereka dzulo lake. Akabwera ochepa, ife n'kumati sasamala. Lipoti timalilemba m'Chingerezi, manambala okhaokha, n'kupatsa agogo amene sanapite patali ndi sukulu. Ayankhe chiyani? Koma agogo omwewo mukawauza kuti, "Agogo, mdzukulu wanu wayamba kuphatikiza zilembo, madzulo muzimuuza akuwerengereni," mudzaona mwana akubwera atasintha. Agogowo safunika kudziwa kuwerenga kuti amvetsere mwana akuwerenga.

Yesani chinthu chimodzi sabata ino: tumizani uthenga wabwino kwa kholo la mwana amene mumamudandaula kawirikawiri. Mudzandiuze m'makomenti mmene anayankhira.

Chabwino, chachitatu. Tsamba lomaliza la kope likhale la makolo. Lachisanu lililonse lembani mizere iwiri pa bolodi, zimene mwaphunzira ndi zimene zikubwera, ana akopere, kholo lisayine kapena lingochonga. Muli ndi ana 100 m'kalasi? Ndikumvetsa, n'chifukwa chake ndikuti akopere okha. A Sitandade 1 sangathe, amenewo agwiritsireni ntchito chachinayi.

Chachinayi, gulu la WhatsApp. Ndi labwino, koma lizikhala ndi mwambo. Tumizani uthenga wa mawu, waufupi, kuti ngakhale osawerenga amve. Mavidiyo ayi, amatha bandulo. Musalembemo dzina la mwana amene walephera mayeso kapena amene ali ndi mlandu, nkhani imeneyo ndi ya inu ndi kholo lake, awiri. Ndipo musaiwale kuti ambiri ali ndi foni ya mabatani, ena alibiretu. Amenewo afikireni kudzera kwa amfumu, m'zolengeza za kutchalitchi, kumzikiti Lachisanu, komanso amayi a Mother Group (gulu la amayi a m'dera lothandiza ana pasukulu) ndi a komiti ya sukulu. Dziwitsani ahedi musanatumize uthenga kunja.



Chachisanu, masiku. Mayeso, tsiku lotsekera, ndi matchuthi ngati 15 Okutobala, 15 Januwale ndi 3 Malichi, anenereni teremu ikangoyamba, kenako muwakumbutse kutatsala sabata. Sabata yamawa tikambirana za makolo a ana a Sitandade 8 ndi mayeso a MANEB. Gawirani vidiyoyi aphunzitsi a m'zoni mwanu, tionana.